Poto wa Atelala

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene amagwetsa mvula m'minda ya anthu amene sindinawaonepo, kuti ine wokhala m'tauni ndikapeze mkhwani pamsika wa Chilobwe. Ndikumuthokoza chifukwa cha mchere, makala, ndi madzi a pampopi masiku amene atuluka. Ndikumuthokozanso chifukwa cha anansi, pakuti nkhani yangayi ndi ya anansi, ndipo popanda iwo timapepala ta kaphikidwe timene ambiri a inu mwalandira sitikanakhalapo.

Anthu amandifunsa kuti nzeru yosonkhanitsa kaphikidwe ka zakudya zapakhomo ndi kumagawa ulere inachokera kuti. Ena amayesa kuti ndinaphunzira za kuhotela. Ayi. Ine ndakalambira m'kashopu kotayipa ndi kuchulukitsa mapepala ku Limbe, ndipo kuphika ndinaphunzira monga aliyense, poyang'ana manja a amayi anga. Timapepalati tinayamba chifukwa cha munthu mmodzi amene ankaonda ife tikuona.

Kuseri kwa nyumba yathu, mukangodumpha ngalande, kumakhala bambo wina wachikulire amene tonse timangowatchula kuti atelala. Amasoka pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo kutchalitchi kwathu ndi amene amayambitsa nyimbo akwaya akachedwa. Akazi awo anali mayi wamfupi, woseka mokweza, wa anthu aja amene makolo awo anachoka ku Mozambiki kalekale nkudzakhazikika ku Mulanje. Ana awo anakula nkuchoka, wina ku Joni, wina ku Mzuzu. Chaka china m'nyengo yozizira mayiwo anadwala kanthawi kochepa, Ambuye nkuwaitana.

Maliro atatha, abale atabalalika, ife amayi a mumpingo tinachita zimene timachita nthawi zonse. Tinagawana masiku: lero uyu apititse bakuli la chakudya, mawa uyo. Poyamba zinayenda bwino. Koma pakati pathu panali mayi wina wamasiye, wooneka bwino ndithu, amene tsiku lake litafika anakulunga bakuli m'nsalu yoyera ya maluwa nkudutsa nalo pachigayo, pamene abambo amasewera bawo pansi pa mtengo wa mango. Mayiwo analibe maganizo ena alionse. Nsaluyo ndi imene inali yochapa tsiku limenelo. Koma madzulo atelala akutsika minibasi, abambo a pabawo anali akuwadikira.

"Atelala, mwayamba kale kuyeza nsalu yatsopano eti?"

"Dothi la kumanda silinaume, achimwene, mabakuli ayamba kale kuvala maluwa!"

"Mutiuziretu tsiku lake. Masuti mutisokera ndinu nomwe."

Amene analipo akuti atelala anaseka nawo pang'ono nkupitirira. Koma m'mawa mwake mabakuli onse anabwerera kwa eni ake, otsukidwa bwino, ndipo pakhomo lililonse ananena mawu omwewo: "Zikomo kwambiri, amayi, Mulungu akudalitseni. Koma musavutikenso, ndidzisamala ndekha."

Munthu amene sanakhale kuno sangamvetse. Kwathu kuno mkazi akanyamula chakudya chovundikira kupita kwa mwamuna amene alibe mkazi, anthu saona chakudya, amaona ukwati. Ndipo atelala ankawakonda akazi awo kwambiri moti sakanalola kuti malemuwo azikambidwa pabawo. Amuna anga anayesa kuwaitanira kunyumba kwathu kuti tizidyera limodzi. Anabwera kamodzi. Anakhala pampando, nkumandiyang'ana ndikuthira madzi m'manja mwa amuna anga, ndikuwasankhira mutu wa nsomba. Anangolawa pang'ono, anathokoza, ndipo sanabwerenso.

Kuyambira pamenepo chakudya chawo chinali tiyi ndi buledi m'mawa, nthochi kapena chipisi cha pachiwaya masana ku Limbe, ndipo madzulo tiyi kachiwiri. Munthu wina akamaonda zovala zimamuulula, koma uyu anali telala. Thalauza ikayamba kukhwepa ankaibweza m'chiuno, jekete nkulichepetsa m'mapewa, moti Lamulungu ankaoneka waudongo monga kale. Chimene chinawaulula ndi wotchi. Akakweza mkono potsogolera nyimbo, wotchi inkatsetsereka mpaka pafupi ndi chigongono. Mawu awo aja amene ankadzaza tchalitchi anayamba kuthera pamabenchi a kutsogolo. Lamulungu lina anakhala pansi nyimbo ili pakati, ndipo tinaimaliza tokha.

Tsiku limenelo ulaliki sindinaumve. Mumtima mwanga munali mneneri uja amene anagona pansi pa kamtengo m'chipululu atatopa ndi moyo. Mngelo atabwera sanamulalikire. Anamugwedeza kuti adzuke adye, chifukwa ulendo unali udakali wautali. Ndinapemphera kuti Ambuye atisonyeze kagwedezedwe kake, popeza khomo la mabakuli linali litatsekedwa.

Lachinayi pamsonkhano wa amayi ndinanena zimene zinandibwerera. Ndinati ngati sitingawapatse chakudya, tiwapatse kaphikidwe. Koma tisawapatse iwo okha, angachite manyazi. Tilembe timapepala togawira mpingo wonse, anyamata okhala okha, atsikana ongokwatiwa kumene, ana asukulu a m'nyumba za lendi, kuti atelala angotenga nawo monga wina aliyense.

Amayi anavomera, ndipo pamenepo ndi pamene ntchito inakula. Sindinkadziwa kuti mkazi amene waphika moyo wake wonse sangathe kunena mmene amaphikira.

"Muthire mchere wokwanira," anatero amayi ena achikulire pofotokoza za mkhwani wotendera.

"Wokwanira ndi wochuluka bwanji, amayi?"

"Wokwanira basi! Dzanja limadziwa."

"Nanga dzanja la munthu amene sanaphikepo?"

"Ameneyo alawe. Lilime ali nalo."

Pa therere panabuka mkangano umene unatsala pang'ono kugawa mpingo: ena ankati soda amalowa madzi asanawire, ena ankati amenewo ndiwo amaphika therere lakuda ngati matope a mumtsinje wa Mudi. Mayi wina amene amagwira ntchito yophika m'nyumba ina ya mpanda ku Namiwawa anabweretsa keke ya batala yofuna uvuni. Tinamufunsa kuti uvuniwo atibwereka ndani. Anaseka, nkutipatsa chigumu cha nthochi chophika mu poto, makala pansi ndi ena pachivundikiro. Tinagwirizana lamulo limodzi: chilichonse chikhale chopezeka pamsika wa Chilobwe, chophikika pambaula imodzi ndi poto mmodzi. M'timapepalamo munalowa futali wa mbatata, chigwada, usipa wa tomato, mazira a anyezi, phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nyemba, ndi zina zotero.

Ndinatayipa zonse kushopu nthawi ya nkhomaliro, ndipo eni shopu atawerenga anati ndichulukitse, mkazi wawo afunanso. Lamulungu tinaika timapepalato patebulo la pakhomo la tchalitchi. Ine ndinaima chapatali ngati ndikukonza duku. Atelala anafika, anatenga kamodzi, anakapinda bwinobwino monga amapindira nsalu ya kasitomala, nkukaika m'thumba la pachifuwa. Ndinati aleluya chamumtima.

Timapepalato tinayenda kuposa mmene tinkaganizira. Achinyamata anatijambula pafoni nkutumizirana, ndipo posakhalitsa anthu a ku Nancholi ndi ku Ndirande amene sitinkawadziwa ankabwera kushopu kudzafunsa ngati tatsala. Tinakondwa ndithu. Ndikakumana ndi atelala pasiteji ndinkawafunsa mozungulira kuti timapepala tija atiwona bwanji.

"Ndikuwerenga, amayi," ankatero. "Mwalemba bwino kwambiri. Palibe polakwika."

Koma wotchi ija inkatsetserekabe.

Atelala amagawana mpanda ndi banja lina lachisilamu limene linakhazikika ku Chilobwe ife tisanabwere. Bambo wa m'banjamo amayendetsa lole ya maulendo aatali, ndipo mkazi wake amagulitsa zitenje mumsika wa Limbe. Mayi ameneyu ndi malemu aja anali paubwenzi waukulu. Ankapatsirana moto ndi mchere pamwamba pa mpanda, ndipo mwezi wa kusala ukatha mbale ya mpunga inkadumpha mpandawo kupita kwa atelala, pa Khirisimasi nkhuku yozinga amuna a mayi wachisilamuyo nkubwerera mbali inayo. Tsiku lina masana mayiyu analowa m'shopu mwathu atanyamula kapepala kathu kamodzi.

"Achemwali, ndamva kuti mapepalawa munalembera aneba anga."

"Talembera aliyense, amama."

"Eya, aliyense. Ndiye aliyenseyo aphikira m'chipewa?"

Anakhala pampando wa makasitomala nkundikumbutsa chinthu chimene ndinkachidziwa bwino lomwe. Maliro atatha, achemwali a malemu ochokera ku Mulanje anagawana katundu wa m'bale wawo monga mwa mwambo: zitenje, mbale, mapoto, mtondo, lichero, mbaula, ngakhale mthiko. Sanalakwe. Ziwiya za mkazi zimapita kwa akazi a kwawo, ndipo iwo ankayesa kuti bamboyo atsatira mwana wake ku Mzuzu. M'khitchini munatsala ketulo yamagetsi imene anagula mwana wa ku Joni, kapu, ndi supuni. Ambiri a ife amayi a mumpingo tinali pomwepo tsiku logawa katunduyo, titakhala pamphasa, tikuimba. Ine ndemwe poto wanga wa nyemba ndinamupeza mwa njira yomweyo amayi anga atamwalira. Koma tonse tinakhala pansi kulemba za poto mmodzi ndi mbaula imodzi, osafunsa ngati potoyo alipo.

"Nanga bwanji osagula?" ndinafunsa.

"Bambo wa msinkhu umenewo adutse pabawo atakolekera poto m'khwapa? Komanso si manyazi okha. Anawauza amuna anga kuti anafikapo pa ogulitsa mapoto mumsika muno, miyendo nkukana. Akuti kugula poto watsopano ndi kuvomera kuti mwini khitchini sabweranso."

Kenako mayiwo anati iwo sangalowe m'nyumba ya mwamuna amuna awo ali paulendo, koma chimene angathe ndi kundipatsa chakudya chimodzi chimene sichinali pa mapepala athu. Chinali chipere cha nandolo, mmene ankaphikira malemu: kukazinga nandolo wouma pang'ono, kumukonola mumtondo kuti makoko achoke, kupeta, kuwiritsa mpaka afewe, kenako kupota ndi mthiko nkuthira anyezi ndi tomato. Anati Loweruka lililonse fungo lake linkadumpha mpanda. Ndinatayipa iwo ali pomwepo.

M'minibasi pobwerera kunyumba ndinakumbukira chenjezo lija la m'Malemba, la munthu amene amauza m'bale wake wanjala kuti apite mumtendere akakhute, koma osamupatsa kanthu m'manja. Amayi anzanga nditawauza, wina anati ndiye tiwachitire phwando lija timachitirana akazi lowonjezera ziwiya za kukhitchini, tiwaveke chitenje atelala akhale pakati. Tinaseka mpaka misozi, koma tonse tinadziwa kuti ngati bakuli linabweretsa mawu, poto wochokera kwa mkazi akanabweretsa ankhoswe. Ndinaganiza za anthu aja amene ananyamula mnzawo wodwala, napeza khomo litadzaza, nkukwera padenga. Denga langa linali kunyumba, likumvera wailesi.

Amuna anga anagwira ntchito yowotcherera zitsulo mpaka atapuma. Munthu amene wakhala moyo wonse pamoto wothwanima ngati mphezi ankati utsi wa mbaula umamupweteka maso, ndipo chikwatiranireni sanaphikepo ngakhale dzira.

"Bambo," ndinatero, "Ambuye atauka kwa akufa, m'mawa uja ophunzira akuchokera kokoka makoka, anawapeza akutani?"

"Akuwadikira."

"Akuwadikira ndi chiyani?"

Anachepetsa wailesi. "Ndi nsomba pamakala."

"Mwamuna ameneyo. Ndipo sitimva kuti anadandaula za utsi."

"Mayi, mukayamba ndi Malemba ndimadziwa kuti pali katundu woti ndinyamule. Nenani."

Ndinawafotokozera zonse. Ndinati apite kwa atelala ndi poto, akanene kuti akufuna kuphunzira kuphika koma kunyumba akuchita manyazi. Kenako ndinadodoma, chifukwa sindinafune kutuma mwamuna wanga kukanama. Iwo anayang'ana cha kukhitchini kwanga.

"Si bodza limenelo," anatero. "Inu mukadzatsogola, achemwali anu adzabwera ndi matumba. Ine ndidzatsala ndi chiyani, wailesi? Atelala ndawaona."

Loweruka masana anatulutsa mbaula imene anawotcherera okha, poto watsopano ndi nandolo anaika m'thumba, mthiko ukusuzumira kunja. Panali njira yachidule yodumpha ngalande, koma iwo anazungulira dala kudzera pachigayo.

"Achimwene, akuthamangitsani?" anakuwa a pabawo. "Akupatsani ndi mthiko womwe?"

"Ndikupita kusukulu," anayankha. "Inu akazi anu akapita kumudzi mumakazinga bawo?"

Zotsatira ndinazionera pakhomo la kuseri kwa nyumba yathu, ndipo zimene sindinamve anandiuza amuna anga madzulo. Atelala poyamba anakana, nkunena kuti iwonso sadziwa kanthu. Amuna anga anati ndi bwino choncho, palibe woseka mnzake, ndipo anayamba kuyatsa makala pakhonde osadikira yankho. Madala awiri, magalasi pamphuno, anawerama pa kapepala. Atelala atawerenga tsamba latsopano lija la chipere anavula magalasi, nkuwapukuta nthawi yaitali. Sanafunse kuti lachokera kuti.

Nandolo woyamba anapserera, utsi nkufika mpaka kwathu. Pamenepo mawu anamveka kuseri kwa mpanda.

"Chepetsani moto, abambo inu! Nandolo amakazinga, sawotcherera ngati geti!"

Kamtondo kanadutsa pamwamba pa mpanda, kenako lichero. Anasinthana kukonola. Popeta, theka la nandolo linapita kwa nkhuku za eni, mayi a kuseri kwa mpanda akufuula kuti kupeta si kuthamangitsa ntchentche. Koma wotsalayo anawira, anafewa, ndipo atelala anapota ndi mthiko mosamala ngati akulowetsa ulusi pasingano. Atalawa anaima.

"Chasowa kanthu."

"Palibe chasowa, aneba," anatero mayi aja. "Ndanena zonse mmene ankachitira mnzanga."

"Chasowa. Ankaponyamo kambuzi mmodzi wathunthu, wosaphwanya. Akamapakula ankamuvuula ndi supuni nkutaya, kuti ndisadziwe, chifukwa ndinkati tsabola sindidya. Ndinkamuona pawindo ndikusoka pakhonde pano. Zaka zonsezo sindinamuuze kuti ndikudziwa."

Anapita kuseri kwa nyumba, kumene kamtengo ka kambuzi kamene anabzala malemu kanali kadakabereka popanda wothirira. Anathyola mmodzi, nkumuponya mu poto. Chipere chitapsa anachithira m'mbale imene amuna anga anaitanitsa kuseri kwa mpanda, nkuphika chinangwa mu poto yemweyo. Amuna anga akuti atelala anayamba kudya asanapemphere, chinthu chimene sanachitepo. Anadya misozi ikutsika, osaipukuta, ndipo mnzawoyo anangoyang'ana makala. Mbale itatha anakokota ndi chala, nkufunsa ngati mu poto munatsala kanthu. Pemphero anapemphera pomaliza, ndipo linali lalitali.

Amuna anga anabwera chimanjamanja, malaya akununkha utsi.

"Nanga poto?" ndinafunsa.

"Ngotentha. Ndikatenga mawa."

Mawa limenelo silinafikebe. Loweruka lililonse sukulu ija imakumana pakhonde la atelala, ndipo mmodzi wa abambo a pabawo analowa nawo akazi ake atapita kukasamalira mwana wawo wobereka kumene. Anafika akunena kuti wangobwera kudzaseka, koma anabwera ndi tomato. Amuna anga tsopano amaphika futali amene sindinganene kuti ndi woipa, ngakhale mchere umawapitirira. Wotchi ya atelala inasiya kutsetsereka, ndipo thalauza zimene anabweza anazimasulanso.

Lachinayi lina ife amayi tili pakati pa msonkhano tinamva kugogoda. Anali atelala, atanyamula poto uja wokulungidwa m'nsalu imene anasoka ndi zidutswa zotsala kuntchito. Anadutsa naye pachigayo dzuwa likuswa mtengo. Anaika potoyo patebulo, nkupempha kuti woyamba kulawa akhale mayi wamasiye uja wa nsalu ya maluwa, amene kuyambira tsiku la bawo lija ankakhala kumbuyo osayankhula.

"Amayi, bakuli lanu ndinalibweza lopanda kanthu," anatero. "Kwathu sitinaleredwe choncho."

Mayiwo analawa, nkunena kuti tomato wachepa. Tonse tinaseka, atelala kuposa aliyense. Kenako anatulutsa kapepala kaja m'thumba la pachifuwa, katada ndi makala, nkundipempha kuti ndiwonjezere kambuzi. Ndinawafunsa ngati ndilembepo dzina la malemu. Anati ayi, ndingolemba kuti ndi chipere cha mayi wina wa ku Mulanje, Mulungu akumudziwa.

Nchifukwa chake mukatenga timapepala tathu lero mupeza kuti tsamba loyamba silinena za chakudya. Limanena kuti pafunika poto, mthiko ndi mbaula, ndipo ngati mulibe, muuzeni amene wakupatsani pepalali. Kwa wogawayo limati asanachoke, ayambe wasuzumira kukhitchini. Timapepalati sitigulitsa. Tinatilandira kwaulere kwa amayi athu ndi kwa anansi athu, ndipo mukhoza kutichulukitsa, kutijambula ndi kutipatsa aliyense amene mukufuna.

Tsopano Mulungu amene sanalole ufa wa mkazi wamasiye kutha m'mbiya, asunge ufa m'nyumba zanu. Adalitse manja anu, ozolowera ndi ongoyamba kumene. Inu amene mumadya nokha pamene kale munkadya awiri, Ambuye akutumizireni mnzanu wa pakhonde, ndipo akupatseni mtima womutsegulira. Moto wanu usazime, mchere wanu ukwanire, ndipo mtendere wake ukhale nanu pamene mukuphika ndi pamene mukudya. Ameni.